Dzina la kumbuyo n'lamalonda, chiwongo cha galimoto chili pa kachitsulo

ULÓNGUÈ – Nyengo yokolola ikatha, ndalama za mbatata ya kachewere, soya, nyemba ndi fodya zikalowa m'thumba, alimi ambiri a ku Angónia ndi Tsangano amayamba kuganiza zogula choyendera. Wina amafuna njinga yamoto yoti mnyamata wake azichitira kabaza, wina Probox yonyamulira anthu ndi katundu, ndipo amene zamuyendera bwino amaloza Hilux kapena Canter yotengera matumba kupita ku Lizulu kapena ku mzinda wa Tete. Pogulapo, maso a ambiri amakhala pa penti, matayala ndi dzina lonyezimira lomwe lili kumbuyo kwa galimotoyo.

Vuto limadzaoneka patapita miyezi. Galimoto yaima pa msewu wa N304 itasenza matumba a mbatata. Makaniko wati chafa ndi pampu ya madzi. Mwini wake akutuma mnyamata kuti awoloke pa Calómuè, adutse pa Dedza mpaka ku Lilongwe, kapena atsike ku Tete, ulendo wa makilomita opitirira 200, akagule "pampu ya Hilux". Mnyamatayo akubwera mawa lake ndi pampu yatsopano m'katoni, koma mabowo ake sakugwirizana ndi a pa injini. Wogulitsa sanalakwe, chifukwa pampuyo ndi ya Hilux ndithu, kungoti ndi ya Hilux ina. Ndalama ya ulendo yapita, tsiku la msika ladutsa, ndipo mbatata yomwe yakhala padzuwa masiku awiri siigulidwanso pa mtengo wake.

Kampani ya Toyota idayamba kupanga Hilux mu 1968, ndipo kuyambira pamenepo dzinali lavalidwa ndi magalimoto ambirimbiri osafanana injini, giyabokosi ngakhale mabuleki. Kunena kuti "ndili ndi Hilux" kuli ngati kufika pamudzi wachilendo n'kunena kuti ukufuna Yohane. Akuluakulu afunsa kuti Yohane wake uti, wa kwa Phiri, wa kwa Banda kapena wa kwa Maseko? Galimoto nayonso ili ndi chiwongo chake, ndipo chimenecho n'chomwe wogulitsa masipeya amafuna kumva.

Chiwongochi chimalembedwa pa kachitsulo kakang'ono kapena pa kapepala kolimba komwe opanga amamata pa galimoto. Pa magalimoto ambiri a Toyota kamapezeka munthu akatsegula boneti n'kuyang'ana pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, kapena pa mphuthu ya chitseko cha kutsogolo. Pamenepo pamakhala mzere wa mtundu wa galimoto, mzere wa injini ndi nambala ya chasisi. Pamakhalanso nambala ya penti, yomwe imathandiza galimoto ikagundidwa: mwachitsanzo 040 ndi penti yoyera yodziwika kwambiri ya Toyota.

Zilembozi zimaoneka ngati zangomwazidwa, koma zili ndi dongosolo. Hilux yolembedwa KUN25R ikunena zinthu zinayi. Zilembo KU zikuloza injini ya dizilo ya banja la KD. Chilembo N n'cha banja la Hilux. Nambala 25 ikusonyeza kuti imakoka ndi matayala onse anayi ndipo injini yake ndi 2KD ya malita 2.5. Chilembo R chikutanthauza kuti chiwongolero chili kumanja, monga zimafunikira m'misewu ya Mozambique ndi Malawi momwe magalimoto amayenda kumanzere. Mbale wake KUN26 amafanana naye nkhope, koma ali ndi injini ya 1KD ya malita 3.0. KUN15 ali ndi injini yofanana ndi ya KUN25, koma amakoka ndi matayala a kumbuyo okha. Kwa mlimi amene munda wake uli kuseri kwa Domué, komwe msewu umasanduka phala mu Januwale ndi Febuluwale, kusiyana kwa 15 ndi 25 n'kusiyana kwa kufika kunyumba ndi kugona m'matope.

Ma Hilux akale omwe akadali mbwee m'midzi amayamba ndi LN, monga LN106, chifukwa injini zake ndi za banja la L. Atsopano, kuyambira mu 2015, amayamba ndi GUN chifukwa cha injini za GD. Pa Land Cruiser chilembo cha banja ndi J: HZJ79 ili ndi injini ya 1HZ ya masilinda 6 ndi malita 4.2, pamene VDJ79 ili ndi V8 ya malita 4.5. Maminibasi a HiAce, omwe kuno amatchedwa chapa, ali ndi chilembo H: LH ndi akale a dizilo, KDH ndi a dizilo a injini ya KD, ndipo TRH ndi a petulo.

Pali msampha umodzi womwe umakola anthu ambiri. Nambala yoyamba pa dzina la injini siinena kukula kwake, imangonena kuti ndi yachingati m'banjamo. M'banja la L zimaoneka ngati zikutsatana, pakuti 2L ndi ya malita 2.4, 3L ndi ya 2.8 ndipo 5L ndi ya 3.0. Koma m'banja la KD, 1KD ndi yaikulu kuposa 2KD. Chimodzimodzi pa Probox, yomwe idatuluka mu 2002: 1NZ ndi ya malita 1.5 pamene 2NZ ndi ya 1.3. Probox yolembedwa NCP50 ili ndi injini yaing'onoyo, NCP51 ili ndi ya 1.5, ndipo NCP55 ili ndi ya 1.5 komanso imakoka ndi matayala anayi. Zonsezi kumbuyo kwalembedwa Probox, ndipo wogulitsa wochenjera akhoza kutchula mtengo wa NCP51 pa galimoto ya NCP50 wogula osazindikira, mpaka tsiku lomwe adzailongedze matumba n'kuyamba kukwera mtunda. Sienta nayo ili choncho: NCP81 imakoka ndi matayala a kutsogolo, NCP85 ndi onse anayi.

Zilembo zomwe zimabwera kumapeto kwa dzina la injini zimanena momwe injiniyo imamwera mafuta. Pa 2KD-FTV, chilembo T chikutanthauza kuti ili ndi tebo, ndipo V chikusonyeza kuti dizilo amapopedwa ndi mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, moyendetsedwa ndi kompyuta. Injini yotere imakoka bwino ndipo siiwononga mafuta, koma siigwirizana ndi dizilo wa fumbi kapena wa madzi. Amene amadziwa kuti nthawi zambiri azithira mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu ayenera kuganiza kawiri akaona chilembo V, chifukwa mainjekitala a injini zimenezi ndi okwera mtengo ndipo si makaniko aliyense wa pansi pa mtengo angawakonze. N'chifukwa chake 3L, 5L ndi 1HZ, ngakhale zili zaulesi pamtunda, zimakondedwabe kumidzi. Dzina la injini limauzanso mwini wake choyenera kuyang'anira: injini za L, KD ndi 1HZ zili ndi lamba wa taiming'i yemwe amayenera kusinthidwa pa nthawi yake asanaduke n'kuwononga injini, pamene 1NZ ndi za GD zili ndi tcheni.

Pa malole aang'ono, Canter ya Mitsubishi Fuso yoyamba ndi FE imakoka ndi matayala a kumbuyo, yoyamba ndi FG imakoka ndi onse. Amakaniko amaitchula ndi injini: 4D33, 4D35, 4M51. Pa Isuzu Elf, NKR ndi ya mutu wopapatiza ndipo NPR ndi ya mutu wotambalala, choncho galasi la kutsogolo la ina silingalowe pa inzake.

Anthu amene adazolowera kwambiri kulankhula ndi zilembo zoterezi si alimi kapena amakaniko ayi, koma eni magalimoto aliwiro a m'mayiko olemera, omwe amakhala m'makalabu. Kalabu yoyamba ya eni magalimoto a Porsche idakhazikitsidwa ku Germany mu 1952, ndipo lero makalabu otere ali m'mayiko ambiri. Mamembala amasonkha ndalama pachaka, amakumana kumapeto kwa sabata, amayenda ulendo mondondozana, ndipo nthawi zina amabwereka bwalo la mpikisano kuti athamangitse magalimoto awo kutali ndi msewu wa anthu onse. Ku Maputo, bungwe la Automóvel e Touring Clube de Moçambique lili ndi bwalo la mtundu umenewu. Kwa munthu amene akuwerengera mtengo wa thumba la feteleza, zonsezi ndi masewera a anthu okhuta, ndipo kunena zoona mbali yaikulu ndi masewera ndithu. Koma m'makalabumo muli chizolowezi chimodzi chofunika kuchitola: salola kuti dzina la kumbuyo liwanamize.

Galimoto yotchuka ya Porsche imatchedwa 911. Pomwe inkaonetsedwa koyamba ku Frankfurt mu 1963 dzina lake linali 901, koma kampani ya Peugeot ya ku France idadandaula kuti mayina a manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi ake. Porsche idachotsa ziroyo n'kuikapo 1. Kuyambira nthawi imeneyo dzina la 911 silinasinthe, chikhalirecho galimotoyo yasinthidwa kambirimbiri. Choncho m'kalabu munthu sanena kuti ali ndi 911, amanena kuti ali ndi 964, 993, 996 kapena 992, omwe ndi manambala a m'fakitale. Wakumva amadziwiratu kuti 993 ndi yomaliza yomwe injini yake imazizira ndi mphepo, ndipo 996 ndi yoyamba yozizira ndi madzi. Mitengo ya ziwirizi pa msika wa magalimoto akale imasiyana kutali.

Chitsanzo chomwe chili pafupi ndi kuno ndi cha ku Joni. Amene adagwirako ntchito ku South Africa amaidziwa Gusheshe, BMW ya makona yomwe anyamata amaizunguza pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi. Masewerawa adayambira m'makomboni ngati Soweto m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero ali ndi mabwalo ndi magulu ake. Okonda galimotoyi amaitchula kuti E30, nambala yomwe BMW idaipatsa poikonza. Dzina lake lamalonda, 325i, poyamba linkanena zoona: 3 ndi gulu la galimoto, 25 ndi injini ya malita 2.5. Koma 325iS, yomwe idapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mongoganizira msika wa South Africa, ili ndi injini ya malita 2.7 ngakhale kumbuyo kwalembedwa 325. Masiku ano zafika poti BMW yolembedwa 330i ili ndi injini ya malita 2.0. Popeza 325iS yeniyeni ndi yosowa ndipo ndi yodula, alipo ena amene amamata chilembo S pa galimoto wamba. Munthu wa m'kalabu akafuna kugula sayang'ana chilembocho, amawerenga nambala ya chasisi n'kufunsa anzake omwe amasunga kaundula wa magalimoto enieni.

Ngakhale Corolla, galimoto ya aphunzitsi ndi anamwino, ili ndi mwana wake wotchuka m'makalabu. Ndi AE86, yomwe idapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987. A ndi banja la injini, E ndi banja la Corolla, 8 ikuloza m'badwo wachisanu wa Corolla, ndipo 6 ndi mtundu wake m'badwomo. Ku Japan amangoitchula kuti Hachi-Roku, kutanthauza 8 ndi 6. Inali ndi mnzake wofanana naye thupi, AE85, wa injini yofooka ya malita 1.5. Nambala imodzi yokhayo imasiyanitsa galimoto yomwe anthu amalimbirana ndi ina yomwe ambiri saifuna. Chiwongocho chidatchuka mpaka mu 2012 Toyota idatulutsa galimoto yatsopano yaliwiro n'kuitcha 86. Dongosolo lomwe lili pa AE86 ndi lomwe lija lili pa NZE121, Corolla yomwe yadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Tete.

Chinanso chomwe chimasokoneza anthu a m'malire n'chakuti galimoto imodzi imasintha dzina ikawoloka nyanja. Vitz ya ku Japan ndi Yaris kwina. HiAce idagulitsidwa ku South Africa ndi dzina la Quantum. Isuzu KB ya ku South Africa ndi yomwe kwina ankaitcha D-Max, mpaka dzinalo lidafikanso kumeneko mu 2018. Pajero imatchedwa Montero m'mayiko ambiri olankhula Chisipanishi chifukwa kumeneko mawu akuti pajero ndi chipongwe. Kuno kumafika magalimoto ochokera mbali zonse, ena ku Japan kudzera m'madoko a Durban, Dar es Salaam, Beira ndi Maputo, ena pamsewu kuchokera ku South Africa. M'sitolo ya masipeya, zilembo za pa kachitsulo ndi zomwe zimamveka chimodzimodzi m'Chichewa, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi.

Kwa mabanja ambiri a ku Angónia nkhani yeniyeni ili pa njinga yamoto. Pa njinga za ku India monga Bajaj Boxer BM150 ndi TVS HLX 125, nambala ya m'dzina imaloza kukula kwa injini. Pa njinga zambiri za ku China, zomwe zimabwera ndi mayina osawerengeka pa thanki, choonadi chimadindidwa pa injini penipeni, kumunsi chakumanzere, pafupi ndi chopondera magiya. Pamakhala zilembo ngati 157FMI kapena 162FMJ. Nambala 1 ikutanthauza silinda imodzi. Manambala awiri otsatirawo, 57 kapena 62, ndi kukula kwa bowo la silinda m'mamilimita, mongoyandikira. F ikutanthauza kuti injiniyo imazizira ndi mphepo, M kuti ndi ya njinga yamoto. Chilembo chomaliza n'chomwe chimanena kukula: G ndi 100, H ndi 110, I ndi 125, J ndi 150, L ndi 200. Chomata cha pa thanki aliyense akhoza kuchigula pa msika n'kuchimata. Njinga yolembedwa 150 pa thanki koma pa injini pali FMI ndi ya 125, ndipo amene walipira mtengo wa 150 waberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Pogula pisitoni ndi maring'i, manambala a pakati aja ndi omwe amapulumutsa munthu ku ulendo wachiwiri wa ku Dedza kapena ku Ntcheu.

Makalabu a Porsche kuno kulibe, koma magulu a eni zoyendera alipo. Anyamata a kabaza ali ndi masiteji awo ku Ulónguè, ku Domué ndi pa chipata cha Calómuè, madalaivala a chapa ali ndi malo awo oimikapo, ndipo ambiri amasonkherana pa matenda ndi pa maliro kapena kuchita chipereganyu. Gulu lotere likhoza kuchita zomwe kalabu ya olemera imachita, popanda kuwononga khobidi. Kope limodzi lolembamo zilembo za injini ndi nambala ya chasisi ya membala aliyense limathandiza pa zinthu ziwiri. Mmodzi akamapita ku tauni akhoza kugulira anzake masipeya osaphonya, ndipo njinga ikabedwa, nambala yokapereka ku polisi imakhalapo ngakhale mapepala atapita ndi wakubayo pansi pa mpando. Mabungwe a alimi omwe akusonkha kuti agule lole angachitenso bwino kuyamba afufuza kuti m'dera lawo mwachuluka injini yanji. Lole ya injini yomwe amakaniko a pafupi amaidziwa, yomwe masipeya ake akale amapezeka kwa mnansi, imagona masiku ochepa pa mawe kusiyana ndi yachilendo, ngakhale yachilendoyo ikhale yatsopano.

Nambala ya chasisi ilinso ndi mbali ya malamulo. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala yaifupi yoyamba ndi chiwongo chija, monga NCP51 kenako manambala 7. Opangidwira mayiko ena amakhala ndi zilembo ndi manambala 17 pamodzi, ndipo mwa zimenezo simupezeka I, O kapena Q, poopa kusokoneza ndi 1 ndi 0. Zilembo zoyambirira zimanena komwe galimoto idapangidwa: AHT ndi Toyota ya ku Durban, MR0 ndi Toyota ya ku Thailand, JT ndi Toyota ya ku Japan. Wogulitsa akamalumbira kuti Hilux yake ndi "ya ku Japan yeniyeni" pamene nambala ikuyamba ndi AHT, ndiye kuti mwina sakuidziwa galimoto yake kapena akuganiza kuti wogulayo sadziwa kuwerenga.

Nambala yomwe ili pa kachitsulo iyenera kufanana ndi yomwe idadindidwa pa chitsulo cha galimoto penipeni, ndipo zonse ziwiri zifanane ndi yomwe ili mu livrete, pa mzere wa número do quadro. Kachitsulo kakhoza kuchotsedwa pa galimoto ina n'kukhomedwa pa ina, choncho wogula ayenera kugwada, kupukuta matope ndi kuona nambala yodindidwayo ndi maso ake. Pamalo pomwe paoneka kuti padapalidwa, padawotcheredwa kapena padapakidwa penti yatsopano pokhapokha, m'pofunika kubwerera m'mbuyo. Magalimoto obedwa ku South Africa amalowa m'Mozambique, ndipo njinga zamoto zimawoloka malire a Malawi mbali zonse ziwiri popanda mapepala a kasitomu. Apolisi akapeza kuti manambala sakugwirizana amagwira choyenderacho, ndipo amene amaluza ndi amene chapezeka m'manja mwake, pamene wogulitsa uja foni yake idasiya kale kulira. Kukonza zolembedwa mu livrete, kuphatikizapo pamene injini yasinthidwa, kumachitikira ku ofesi ya INATRO.

Chaka cha galimoto nachonso chimanamiziridwa. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, kansalu komwe kadasokedwa kumunsi kwa lamba wa pampando kamakhala ndi chaka chomwe lambayo adapangidwa, ndipo kawirikawiri chimayandikana ndi chaka cha galimoto. Matayala nawo amanena msinkhu wawo: pa manambala anayi omaliza a mzere woyamba ndi DOT, awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri omaliza ndi chaka, kotero 2319 ndi tayala la sabata ya 23 mu 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mano ooneka bwino koma litakalamba n'kuuma, ndipo limaphulika likasenzetsedwa katundu pa phula wotentha wa kumunsi, njira ya ku Moatize.

Amene ali kale ndi galimoto kapena njinga sakusowa kudikira kuti iwonongeke. Foni ya kamera ikwanira: chithunzi chimodzi cha kachitsulo, china cha nambala ya pa injini, china cha tsamba la livrete. Tsiku lotuma mnyamata ku Lilongwe kapena ku Tete, apite ndi zithunzizo pamodzi ndi sipeya yakufayo m'thumba, ndipo asanapereke ndalama aziike ziwirizo pa kauntala, yakale ndi yatsopano, n'kuwerenga mabowo.